Mwana wa sekondale ndi nyenyezi zimene zimapuma

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2025, mu mzinda wa Washington ku America, mnyamata wa zaka 18 dzina lake Matteo Paz analandira mphoto ya madola 250,000 pa mpikisano wa sayansi wa ophunzira a m'sekondale wotchedwa Regeneron Science Talent Search. Pa nthawiyo n'kuti ali m'chaka chomaliza pa sukulu yaboma ya Pasadena High School ku California. Kafukufuku wake sanali wa mankhwala kapena wa mbewu zopirira chilala. Iye anafufuza zinthu za kuthambo zimene kuwala kwake kumasinthasintha, ndipo pakati pa zinthu zimenezi pali nyenyezi zimene zimafufuma ndi kunyala mobwerezabwereza ngati chifuwa cha munthu amene ali m'tulo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, alangizi ndi alimi amene mumawerenga tsamba lino, mwayamba kale kufunsa kuti nkhani ya nyenyezi yalowa bwanji m'magazini ya chitukuko pamene mtengo wa feteleza ukutisowetsa tulo. Funsolo n'lomveka ndipo ndiliyankha. Koma mundilole ndiyambe ndafotokoza chimene mnyamatayu anachita ndi kumene ntchito yotereyi inachokera, chifukwa m'mbiri yake muli achinyamata ambiri kuposa momwe timaganizira, ndipo mbali ina ya mbiriyo inalembedwa pansi pa thambo lathu lomwe lino la kummwera.

Bungwe la NASA linatumiza mumlengalenga makina ojambula otchedwa WISE mu Disembala 2009. Kuyambira kumapeto kwa 2013 makinawa, atapatsidwa dzina loti NEOWISE, ankasaka miyala ikuluikulu imene imayenda pafupi ndi dziko lathu, ndipo anagwira ntchitoyo mpaka mu 2024. Posaka miyalayo ankajambula thambo lonse mobwerezabwereza pogwiritsa ntchito kuwala kwa kutentha, kumene maso a munthu sakuona. Zimene anajambula zinaunjikana mpaka kufika pa miyeso pafupifupi 200 biliyoni. Akatswiri ankadziwa kuti m'nkhokwe imeneyi muli zinthu zosinthasintha zambirimbiri, koma panalibe munthu amene akanatha kupeta mulu wotere ndi manja. Paz, motsogozedwa ndi Davy Kirkpatrick, katswiri wa pa sukulu yaukachenjede ya Caltech, analemba pulogalamu ya pa kompyuta imene anaiphunzitsa kuzindikira kuwala kumene kukukwera ndi kutsika. Pulogalamuyo, imene anaitcha VARnet, inatola zinthu pafupifupi 1.5 miliyoni zimene palibe anazilembapo kuti zimasintha. Nkhani yofotokoza njira yake inatuluka mu 2024 m'magazini ya akatswiri ya The Astronomical Journal, ndipo mlembi wake anali iye yekha. Zinthu 1.5 miliyonizi zili ngati mayina amene alembedwa m'kaundula poyembekezera kutsimikizidwa: chilichonse chiyenera kuyang'anidwanso kuti chidziwike ngati ndi nyenyezi yophulika, nyenyezi ziwiri zozungulirana, kapena nyenyezi yopuma.

Tisanapite patali tisiyanitse zinthu ziwiri. Aliyense amene anakhalapo panja usiku amadziwa kuti nyenyezi zimaphethira. Kuphethira kumeneku gwero lake ndi mpweya umene wakuta dziko lathu, umene umagwedeza kuwala monga momwe madzi a m'chitsime amagwedezera nkhope ya munthu wotunga. Kusintha kumene tikukamba pano n'kwina. Nyenyezi imene Lolemba inali yowala imapezeka Lachisanu itazirala, ndipo pofika sabata yotsatira yabwereranso mwakale. Munthu sangakuone pa usiku umodzi. Amakuona ndi yekhayo amene analemba zimene anaona dzulo ndi dzana.

Nyenyezi zina zimasintha chifukwa inzake imadutsa kutsogolo kwake n'kuiphimba, monga munthu wodutsa pakati pa inu ndi moto. Koma zina zimasintha pazokha. Nyenyezi ndi dzuwa lakutali, chimpira cha mpweya wotentha koopsa, ndipo kutentha kwake kumachokera pakati n'kumatulukira kunja. M'nyenyezi zina, pansi pang'ono pa khungu lake, pali mpweya wotchedwa heliyamu umene uli ndi khalidwe lachilendo. Ukapanikizika n'kutentha kwambiri umatseka njira, moti kutentha kochokera m'kati kumalephera kudutsa. Kutenthako kukachuluka kumakankha khungu la nyenyezi, nyenyeziyo n'kufufuma. Ikafufuma mpweya uja umazizira, njira imatseguka, kutentha kumathawa, ndipo khungu limagweranso m'kati chifukwa cha kulemera kwake. Kenaka zonse zimayambiranso. Mayi aliyense amene anaphikapo nyemba amazidziwa zimenezi. Chivundikiro chimanyamuka, nthunzi imatuluka, chivundikiro chimagwa, ndipo kugogoda kwake kumakhala ndi kayendedwe kake malinga ndi kukula kwa mphika ndi mphamvu ya moto. Arthur Eddington wa ku England ndiye anayamba kuganiza za chivundikiro chotere cha m'ma 1917, ndipo Sergei Zhevakin wa ku Russia anasonyeza mu 1953 kuti mpweya wogwira ntchitoyo ndi heliyamu.

Woyamba ku Ulaya kulemba za nyenyezi yopuma anali m'busa wa mpingo ku Germany, David Fabricius, amene mu Ogasiti 1596 anaona nyenyezi pamalo pamene sanaiyembekezere, ndipo patapita milungu ingapo inazimirira. Anthu anadzazindikira pambuyo pake kuti imabwera ndi kupita pa masiku 332 alionse, ndipo anaitcha Mira, kutanthauza yodabwitsa.

Koma amene ndikufuna timukumbukire kwambiri ndi John Goodricke wa mu mzinda wa York ku England. Iyeyu anasiya kumva ali wamng'ono kwambiri. Mu Novembala 1782, ali ndi zaka 18 ngati Paz, anayamba kulemba za nyenyezi yotchedwa Algol, ndipo anapeza kuti imazirala pa masiku awiri ndi maola pafupifupi 21 alionse. Anaganiza kuti pali chinthu chimene chimadutsa kutsogolo kwake, ndipo ganizoli linatsimikizika patatha zaka zoposa 100. Bungwe la Royal Society linampatsa mendulo ya Copley mu 1783. Chaka chotsatira mnzake woyandikana naye nyumba, Edward Pigott, anapeza kuti nyenyezi ya Eta Aquilae imasintha, ndipo patangopita mwezi umodzi Goodricke anapeza Delta Cephei, imene imawala ndi kuzirala pa masiku 5 ndi maola pafupifupi 9. Ziwirizi ndi nyenyezi zopuma, ndipo mtundu wonse wa nyenyezi zoterezi umatchedwa Cepheid potengera dzina la yachiwiriyo. Goodricke anamwalira mu 1786 ali ndi zaka 21. Nyenyezi zonse zitatuzi zimaoneka ndi maso, ndipo zida zimene zinafunika kwambiri pa ntchitoyo zinali wotchi ndi buku lolembamo. Ife amene timayendera midzi n'kupeza ana osamva atakhala pakhonde pamene anzawo ali m'kalasi, nkhani ya Goodricke iyenera kutikhumudwitsa pang'ono.

Kodi kuwerenga masiku a nyenyezi kunapindula chiyani? Amene munagonapo m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Metangula mukudziwa momwe nyali za asodzi a usipa zimaonekera usiku. Ina imawala kwambiri, ina imaoneka ngati kachiphaniphani. Kodi yozirala ija ndi nyali yaing'ono imene ili pafupi, kapena ndi yaikulu imene ili kutali? Simungadziwe pokhapokha mutadziwa mphamvu yeniyeni ya nyaliyo. Vuto lomweli ndi limene linasautsa akatswiri a zakuthambo kwa nthawi yaitali, ndipo amene analimasula anali mayi, nayenso wovutika kumva.

Henrietta Leavitt ankagwira ntchito pa Harvard ku America, m'gulu la amayi amene ankalipidwa masenti ochepa pa ola kuti aziyeza timadontho pa zithunzi zagalasi. Zithunzi zimene iye ankayeza zinajambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru, chifukwa zimene ankafufuza sizioneka ku Harvard. Ndi timitambo tiwiri toyera tija timene ife timationa chakummwera usiku wopanda mwezi, patali pang'ono ndi Mlalang'amba, ngati ufa wotayikira pa nsalu yakuda. Azungu amatitcha Mitambo ya Magellan, koma kwenikweni ndi midzi ikuluikulu ya nyenyezi. Mu 1908 Leavitt anasindikiza mndandanda wa nyenyezi zosinthasintha 1,777 za m'midzi imeneyi, ndipo mu 1912, atayeza bwino 25 za m'kamtambo kakang'onoko, anatsimikiza lamulo lakuti nyenyezi imene imatenga masiku ambiri kuti ipume kamodzi ndi imenenso ili yowala kwambiri. Nzeru yake inagona apa: popeza zonse 25 zili m'mudzi umodzi wakutali, ndiye kuti zili pa mtunda wofanana kuchokera kwa ife, choncho kusiyana kwa kuwala kwake n'kwenikweni, sikukuchokera ku mtunda. Mphika ukakula, chivundikiro chake chimanyamuka mochedwa. Kuyambira pamenepo, munthu akawerenga masiku amadziwa mphamvu ya nyali, ndipo akayerekeza mphamvuyo ndi momwe nyaliyo ikuonekera amadziwa kutalika kwake.

Leavitt anamwalira mu 1921 asanaone zipatso zake zonse. Mu Okutobala 1923, Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya pa Mount Wilson, phiri limene likuyang'ana mzinda womwe uja wa Pasadena, anapeza nyenyezi yopuma m'kamtambo kena kotchedwa Andromeda. Inkapuma kamodzi pa masiku 31. Atawerengera monga mwa lamulo la Leavitt, zinaoneka kuti Andromeda ili kunja kwenikweni kwa Mlalang'amba wathu, ndipo ndi mlalang'amba wina woima pawokha. Lero tikudziwa kuti kuwala, kumene kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka 2.5 miliyoni kuti kufike kuno kuchokera kumeneko. Kukula kwa chilengedwe kunayezedwa ndi anthu amene anali ndi chipiriro chowerenga masiku.

Kummwera kwa Africa kuno kuli ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Alexander Roberts, mphunzitsi wochokera ku Scotland amene anafika pa sukulu ya Lovedale ku Eastern Cape mu 1883, ankaphunzitsa masana n'kumayeza nyenyezi zosinthasintha za kummwera usiku, kwa zaka pafupifupi 30 kuyambira cha m'ma 1891. Lovedale ndi sukulu yomwe ija kumene kunachokera William Koyi, mlaliki amene anabwera kudzathandiza amishoni a Livingstonia mu 1876 n'kudzagwira ntchito pakati pa Angoni a kwa M'mbelwa. Mu 1927 a Harvard anasamutsa malo awo ojambulira thambo kuchoka ku Peru kupita pafupi ndi Bloemfontein, ndipo malowo, otchedwa Boyden, alipobe. Danie Overbeek wa ku Edenvale pafupi ndi Johannesburg, amene anamwalira mu 2001, analemba miyeso ya nyenyezi yoposa 280,000 ngati ntchito ya pambali yosalipidwa.

Ndiye pali Thebe Medupe. Anakulira m'mudzi wina pafupi ndi Mahikeng m'nthawi ya tsankho, ndipo mu 1986, pamene nyenyezi yamchira ya Halley inaoneka, anali ndi zaka 13. Anapeza buku mu laibulale lofotokoza kapangidwe ka telesikopu, n'kupanga yakeyake. Anadzaphunzira pa yunivesite ya Cape Town mpaka kutenga digiri ya udokotala, ndipo kafukufuku wake anali wa nyenyezi zopuma, za mtundu umene umapuma mofulumira pa mphindi zowerengeka chabe. Pambuyo pake anadzakhala pulofesa pa North-West University kwawo ku Mahikeng, kumene malo oonera nyenyezi anatsegulidwa mu 2018.

Tsopano tisadzinamize. Paz anakulira pafupi ndi Caltech, kumene amayi ake ankapita naye ku maphunziro a nyenyezi ali ku pulayimale. Sukulu zaboma za ku Pasadena zinali ndi ndondomeko yapadera ya masamu imene inamfikitsa pa masamu a ku yunivesite asanamalize sekondale. Anali ndi magetsi, kompyuta, intaneti ndi katswiri womuwongolera. Mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ku Ntchisi kapena ku Katete, amene sukulu yake ilibe chipinda choyeseramo za sayansi ndipo amawerenga ndi tochi ya pa foni, sangachite chaka chamawa zimene Paz anachita. Amene amauza ana athu kuti kulimbikira kokha n'kokwanira amawanamiza, ndipo amapeputsa udindo wa boma ndi wa ife a mabungwe. Sindikonda nkhani za ana odabwitsa a kunja zikamagwiritsidwa ntchito ngati chikwapu chokwapulira ana a kuno.

Koma mtsikana ameneyu angathe kuchita zimene Goodricke anachita, ndipo ali ndi chinthu chimodzi chimene Pasadena inataya kalekale, ndicho mdima. M'mizinda ya magetsi ambiri Mlalang'amba suoneka. M'midzi yathu yambiri umaoneka ngati msewu. Umphawi wa magetsi si chinthu chonyadira, ndipo ndikufuna mudzi uliwonse uwale, koma pamene tikudikira mapolo a magetsi, thambo limene akatswiri amalifunafuna m'zipululu za Karoo ndi Namibia lili pamwamba pa nkhokwe zathu.

Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza, ndipo ndi yomwe Friedrich Argelander wa ku Germany analimbikitsa anthu wamba kuti aziitsata mu 1844. Akatswiri amayeza kuwala ndi manambala oyenda chobwerera: nyenyezi zowala kwambiri ndi za nambala 1, ndipo zozirala kwambiri zimene diso lingathe kuona ndi za nambala 6. Eta Aquilae imayenda pakati pa 3.5 ndi pafupifupi 4.4 pa masiku 7 ndi maola anayi. Pafupi nayo pali nyenyezi ziwiri zosasintha, ina ya 3.4 ndi ina ya 4.4. Wophunzira amatuluka panja, amadikira mphindi khumi kapena kuposerapo kuti maso azolowere mdima, kenaka amayang'ana zitatuzi mosinthanasinthana n'kudzifunsa kuti yapakatiyo yayandikira iti. Ngati ili pakati penipeni amalemba 3.9. Amalembanso tsiku, ola, ndi momwe thambo linalili. Basi. Mawa amachitanso chimodzimodzi osayang'ana zimene analemba dzulo, kuopa kuti diso lingatsatire kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakatha miyezi iwiri amatenga pepala la mizere, masiku pansi, manambala m'mbali, n'kuika kadontho pa muyeso uliwonse. Inu alangizi a zaumoyo simufunika kuphunzitsidwa zimenezi, pakuti ndi zomwe mumachita pa khadi la mwana kusikelo. Kadontho kamodzi sikanena kanthu, koma madontho khumi amaulula ngati mwana akukula kapena akunyentchera. Pa pepala la nyenyezi madonthowo amapanga mafunde, kukwera mofulumira ndi kutsika pang'onopang'ono, ndipo mtunda wa pakati pa nsonga ziwiri ndiwo mpweya umodzi wa nyenyeziyo. Mwana amene waona mafunde amenewa akutuluka m'manambala olemba yekha wachita fizikisi yeniyeni popanda botolo limodzi la mankhwala. Bungwe la AAVSO, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1911, limalandira miyeso ya anthu ongodzipereka a m'mayiko onse, limapereka mapu a nyenyezi pa intaneti, ndipo m'nkhokwe yake muli miyeso mamiliyoni ambiri imene akatswiri amagwiritsa ntchito. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi foni ya intaneti n'ngokwanira kutumiza miyeso ya kalabu yonse.

Apa ndi pamene pali yankho langa pa funso la feteleza lija. Ntchito yanga imandionetsa malipoti ambiri ochokera m'madera, ndipo chimene chimavuta kwambiri si kusowa kwa mafomu. Ndi manambala olembedwa pansi pa mtengo wa mango Lachisanu madzulo pofuna kuti lipoti likwane. Mabanja ofikiridwa, mitengo yoti yaphuka, matumba okololedwa pa ekala, zonse zimatuluka zosalala ngati zopalidwa, ndipo ndondomeko za chaka chotsatira zimamangidwa pa mchenga umenewo. Mlandu si wa olemba okha. Ifenso a m'maofesi timakonda nambala yokongola kuposa nambala yoona, ndipo olemba amadziwa zimenezo.

Nyenyezi siilandira chiphuphu ndipo siiopa wopereka thandizo. Mwana akapeka manambala, mafunde aja satuluka. Ndiponso usiku womwewo munthu wina ku Chile kapena ku Australia anayeza nyenyezi yomweyo, moti bodza limaonekera poyera likaikidwa pambali pa miyeso ya ena. Chimodzimodzinso choonadi: muyeso wa mwana wa ku Katete ukagwera pa mzere umodzi ndi wa katswiri, palibe angaunyoze chifukwa cha kumene wachokera. Ndi masukulu ochepa amene amaphunzitsa mwana kulemba kuti kunali mitambo ndipo sindinaone kanthu, n'kuziyesa ntchito yolemekezeka. Munthu wophunzira zimenezi ali ndi zaka 16 ndi amene ndingamukhulupirire kuti aziwerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse, kapena kuwerenga mbozi za m'chimanga zimene zakhala zikutisautsa chigawo chino kuyambira cha m'ma 2016 ndi 2017. Pamene nyengo yasokonekera ndipo kalendala ya makolo yobzalira sikugwiranso monga kale, mudzi wokhala ndi munthu wosunga kope loona la mvula kwa zaka khumi uli ndi chuma.

Kwa ochepa amene angafune kupitirira, njira sinatsekeke monga zinalili m'nthawi ya Medupe. Telesikopu ya SALT ku Sutherland inatsegulidwa mu 2005, ya MeerKAT ya mbale 64 mu 2018, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya SKA. Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zakuthambo a dziko lonse unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa. Koma sindikufuna kugulitsa maloto a ntchito za kuthambo kwa mwana aliyense. Ambiri adzakhala alimi, anamwino, aphunzitsi ndi alangizi, ndipo kumeneko n'kumene diso lozolowera kuyeza likufunika kwambiri.

Pali chinthu china chimene mabuku a kunja sanena, koma ife tiyenera kuchinena. Munthu woimirira panja pakati pa usiku, atayang'ana kumwamba n'kumalemba m'kabuku, m'midzi yambiri amaganiziridwa zina. Sitinaiwale chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera ena a kummwera kwa Malawi. Choncho kalabu ya nyenyezi isayambire kuthambo, iyambire kwa amfumu. Mphunzitsi ndi mlangizi apite akafotokoze, komiti ya sukulu ndi makolo adziwe, ndipo usiku woyamba mudzi wonse uitanidwe pa bwalo. Agogo apatsidwe mpata woyamba, aloze Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Nthanda, anene zimene makolo awo ankawerenga pa izo, pakuti kuyang'ana kumwamba sikunabwere ndi sitima. Ana aziyeza ali pakhomo pa kwawo kapena m'gulu pamodzi ndi munthu wamkulu wodalirika, nthawi ya chakudya chamadzulo ikangotha, osati pakati pa usiku. Za atsikana ndinene mosapsatira: kalabu imene ikuchititsa mtsikana kuyenda yekha mumdima, kapena kutsala yekha ndi mphunzitsi wamwamuna, itsekedwe tsiku lomwelo. Ubwino wa ntchitoyi ndi wakuti siifuna ulendo. Nyenyezi imaoneka chimodzimodzi pa bwalo la sukulu ndi kuseri kwa khitchini ya amayi.

Amene anayang'ana kumwamba kumapeto kwa 2019 ndi kuchiyambi kwa 2020 anaona okha kuti nkhanizi si za m'mabuku chabe. Betelgeuse, nyenyezi yofiira imene ili chakumpoto kwa Akamwiniatsatana, nayonso imapuma, kamodzi pa masiku pafupifupi 400. Koma nthawi imeneyo inazirala modabwitsa, moti pofika Febuluwale 2020 inatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Ena anayamba kunena kuti yatsala pang'ono kuphulika. Zinadzadziwika kuti inalavula mpweya umene unazizira n'kusanduka fumbi, fumbilo n'kuiphimba, ndipo pofika Epulo inali itabwerera. Akatswiri anatha kuona kuti kuziralako kunali kwachilendo chifukwa anali ndi miyeso ya zaka zoposa 100 yoyerekezera, yambiri mwa iyo yolembedwa ndi anthu wamba.

Kwa ofuna kuyamba, nyengo yathu imasankha yokha nyenyezi. Mvula ikangotha, kuyambira Epulo mpaka Juni, chakummwera kumaoneka l Carinae, chakumadzulo kwa nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo imapuma kamodzi pa masiku 35 ndi theka. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala ndi nthawi ya Eta Aquilae, imene ili pafupi ndi nyenyezi yowala ya Altair, ndipo ndiyo yoyenera oyamba kumene chifukwa sichedwa kuonetsa mafunde ake. Ku mapiri a kummwera chiperoni chimaba mausiku ena mu Juni ndi Julayi, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umadetsa thambo, makamaka m'munsi mwake, choncho ndi bwino kuyeza nyenyezi ikakwera pamwamba. Mwezi ukakhala wathunthu miyeso imavuta, ndipo zimenezo zilembedwe m'kope.

Mira imadutsa pafupifupi pamutu pathu madzulo kapena usiku kuyambira Okutobala mpaka Januwale, koma imafuna mtima wautali. Wophunzira amene aiyamba ali Fomu 3 adzaona mpweya wake umodzi wathunthu asanalembe mayeso a Fomu 4. Kope lake lidzakhala ndi masamba opanda kanthu mu Epulo ndi Meyi, pamene nyenyeziyi imakhala mbali imodzi ndi dzuwa, m'mausiku a mvula, ndiponso m'miyezi imene imazirala mpaka kusaoneka ndi maso. Mphunzitsi aonetsetse kuti masamba amenewo asadzazidwe.